Manambala a Bambo Orazio

Tano anabwera nayo shakiyo Lachiwiri m'mawa, chifunga chisanachoke padoko la Moss Landing ku California, ndipo anabwera nayo ataitumbula kale.

Musafulumire kumuweruza mnyamatayu. Kubanja la a Balestri, nsomba yopita kwa munthu amene ukumulemekeza siyenda ndi matumbo. Umaitumbula ukadali m'boti, n'kuitsuka ndi madzi a m'nyanja, n'kuigoneka bwinobwino pa ayezi. Agogo ake ankatero asanachoke ku Sicily, ndipo bambo ake, a Orazio, amatero mpaka lero. Choncho Gaetano, amene doko lonse limangomuti Tano, anaima pakhomo pa labu, nyumba yofufuziramo za m'nyanja, atavala malaya osita, atanyamula bokosi la ayezi, akumwetulira ngati wabweretsa maluwa.

Itzel Barragán atavundukula bokosilo anaiwala ndi moni womwe. Kwa zaka ziwiri mtsikanayu anakhala akuphunzira za tishaki ta pansi penipeni pa nyanja, kumene dzuwa silifika, tishaki tofewa thupi tosaposa mkono wa munthu kutalika. M'nyanja yathuyi mabuku amadziwamo mitundu iwiri yofanana ngati mapasa, wina wabulauni, wina wamphuno yaitali. Kwa asodzi zonsezo ndi mbava za nyambo basi, amazikolola pa mbedza n'kuziponyeranso m'madzi akutukwana. Koma Itzel ankakhulupirira kuti pali mtundu wachitatu umene palibe anaupatsapo dzina, ndipo tsiku lina akumwa khofi padoko anamufotokozera Tano zimenezi kwa ola lathunthu. Tano sanamve zambiri, poti maso ake anali pa wofotokozayo, koma analonjeza kuti akadzaona yachilendo adzamusungira.

Ndipo inalidi yachilendo. Thupi linali lojintcha ngati la yamphuno yaitali, koma timizere ta m'mbali mwa kamwa tinali ta yabulauni, kam'mwamba kotalika kuposa kam'munsi. Kenako Itzel anaitembenuza chagada, n'kuona mimba yong'ambidwa mwaluso kuyambira pakhosi mpaka kumchira, m'kati muli mbee.

"Tano, matumbo ali kuti?"

"Adya mbalame. Bwanji, umafuna kuwaphika?"

M'matumbo a shaki mumakhala mazinga ozungulira ngati a bawuti, ndipo mazingawo ndi amene amathetsa mkangano. Yabulauni imakhala nawo ambiri, oposa khumi ndi awiri, pamene a yamphuno yaitali sapitirira pamenepo. Munthu akapanda kuwawerenga, zonse zimene anganene ndi zongoganizira. Itzel akanatha kufotokoza zimenezi modekha, koma mtima wake ndi wapachala, aliyense pa labu amadziwa. Anamuuza Tano kuti zaka ziwiri za kudikira zathera pa mpeni wake, kuti si chilichonse chotuluka m'nyanja chimapita mumphika, komanso kuti akanangofunsa. Mawu otsirizawo ndi amene anapweteka kwambiri, chifukwa anawanena ngati akulankhula ndi mwana wa sukulu.

"Ine ndimayesa ndikukulemekeza," anatero Tano motsitsa mawu. Anasiya bokosilo patebulo n'kutuluka.

Pa sinki panali Leland Prewitt, mnzake wa Itzel wa pa labu, amene anamufunsira kawiri n'kukanidwa kawiri konse. Anakhala akutsuka botolo limodzimodzi kwa mphindi khumi kuti kalikonse kasamudutse. Tano atatuluka, Leland anati asodzi ndi anthu abwino ndithu, kungoti m'mutu mwawo nsomba zilipo za mitundu iwiri yokha, yogulitsa ndi yotaya. Itzel anamuuza kuti botololo linayera kalekale.

* * *

Masiku atatu otsatirawo Itzel sanakhazikike. Ankati akakhala pansi kuti ayeze shaki yotumbulayo, posakhalitsa wadzuka kukasuzumira pawindo ngati boti la a Balestri labwera. Likabweradi, ankachokapo msanga pawindopo kuti asaoneke. Uthenga wopita kwa Tano anaulemba kasanu n'kuufufuta kasanu, chifukwa nthawi zonse unkayamba ndi kupepesa n'kukathera pa mazinga. Lachisanu masana anangotumiza mawu ochepa: "Ndinalankhula mopusa. Pepa."

Foni inangoti duu mpaka Loweruka. Mtsikanayo anali atadziuza kale kuti zatha, komanso kuti bola zathera koyambirira. Ndiye Tano anatumiza chithunzi cha mpeni uli m'dirowa, m'munsi mwake atalemba kuti: "Wolakwa ali m'ndende." Itzel anaseka yekha mpaka misozi. Asanayankhe n'komwe, unalowanso uthenga wina.

"Mayi akuti ubwere mawa tikaweruka ku Misa. Ubwere ndi njala. Za ntchito yako usaziyambe."

* * *

Nyumba ya a Balestri ili kumtunda ku Monterey, poonekera nyanja. Itzel anagula keke, ali panjira n'kuiona kuti yachepa, ndipo anaima n'kugulanso ina. Mayi Concetta, amayi ake a Tano, analandira makeke awiriwo, n'kumuyang'ana mlendoyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anati ndi woonda, koma matenda amenewo amachizika.

Patebulo panali pasita, chakudya chawo cha ufa wa tirigu, wothira kanyama ka m'nyanja kotchedwa kalamari, komanso buledi, ndi vinyo wofulula okha a Orazio. Mafunso anayamba mbale zisanadzaze. Kwanu n'kuti? Ku Watsonville. Ku Misa umapita? Nthawi zina. Nanga makolo amatani? Itzel anati akhala akuthyola zipatso za masitiroberi m'minda ya eni ake kuyambira iye asanabadwe. Yankho limeneli linawasangalatsa a Orazio, bambo wamfupi wa zikhatho zolimba. Anati mwana wa anthu odziwa kuwerama ndi mwana wa anthu. Mtima wa Tano unakhala pansi. Kenako bambowo anafunsa kuti nanga iye mwini amawerama pati.

Tano anamuponda phazi mtsikanayo kunsi kwa tebulo. Koma Itzel kunama sakutha, ndiye ananena zoona, kuti ali ku labu ya padoko ndipo amasiyanitsa mitundu ya shaki.

A Orazio anagoneka foloko pambale. Sanakweze mawu. Anafotokoza kuti zaka makumi awiri zapitazo anyamata awiri a makope anakwera boti lawo, anyamata aulemu kwabasi. Anadya buledi wawo, anaseka nthabwala zawo, kwinaku akufunsa kuti nsomba iyi mwaigwira pati, nanga iyo pati, akulemba. Chaka chotsatira malo onsewo anatsekedwa, ati muli zamoyo zosowa. Mchimwene wawo anagulitsa boti n'kupita kukayendetsa malole. Iwo anapulumukira pa malo amodzi amene sanawatchule, chigwa china cha pansi pa nyanja kumene nsomba zakuda zamafuta zimene amalimbirana ogula a ku Japan zimapezeka chaka chonse. Manambala olozera pamene pali chigwacho ali m'mutu mwawo ndi mwa Tano basi.

"Boti lili ndi dzina langa, koma kumene limapita ine sindikudziwa," anatero mayi Concetta akumuwonjezera Itzel pasita. "Zaka makumi atatu ndi zisanu tsopano."

"N'chifukwa chake tikudyabe," anayankha a Orazio. Kenako anatembenukira kwa Itzel. "Mwanawe, ulibe mlandu ndi ine. Idya. Koma kope ndi boti langa siziyendera limodzi."

Potsuka mbale, mayi Concetta anatseka chitseko cha kukhitchini ndi chidendene. Anamupatsa Itzel kansalu kopukutira, ndipo analankhula maso ali m'sinki.

"Tano wangayu ndi wofewa ngati buledi wam'mawa. Ukamupempha chinthu akupatsa, ngakhale chimene si chake. Ndiye ngati ukumukonda, usamupemphe."

Itzel anati sadzamupempha. Anabwerera kwake ndi chidebe cha pasita ndi mtima wolemera, chifukwa tsiku limenelo ndi limene anadziwa bwinobwino kuti mnyamatayo amamukondadi, ndipo kudziwako kunamuchititsa mantha.

* * *

Lachinayi masana Tano anabweranso. Ulendo uno panalibe za malaya osita, anachokera m'boti momwemo akununkha nyambo. Anaika bokosi patebulo n'kukweza manja m'mwamba, n'kunena kuti iyi sanaikhudze ndi chala, ngakhale moni sanaipatse. Shakiyo inali yathunthu, yofanana ndendende ndi yoyamba ija.

Anzake a Itzel anali atapita kukadya. Tano anagwira nyale, Itzel anatsegula matumbo ndi kasizasi, n'kuyamba kuwerenga mazinga mokweza. Anapeza asanu ndi anayi. Anabwerezanso, asanu ndi anayi. Poopa kuti maso ake akuona zimene mtima ukufuna, anamupatsa Tano kachitsulo kuti awerenge naye. Msodzi amene anataya matumbo a nsomba zosawerengeka anawerama, lilime lili panja, akuwerenga mosamala ngati akutunga singano. Naye anapeza asanu ndi anayi.

Timizere ta pakamwa tinali ta yabulauni, koma mazinga anali ochepa ngati a inzake ija. Sinali m'gulu la mapasa awiri aja. Itzel anamukumbatira Tano ali chivalire magolovesi onunkha, ndipo Tano sanadandaule.

Chimwemwecho chinafika pa kapepala n'kuima. Shaki iliyonse yolowa m'botolo la mankhwala imalowa ndi kapepala kake, kolembapo tsiku, dzina la boti, kuya kwa madzi ndi manambala a malo amene inagwidwira. Itzel analemba tsiku, analemba Concetta Marie, ndipo cholembera chinaima m'malere. Tano anaona. Anafunsa chimene chimachitika mzere wotsirizawo ukasiyidwa wopanda kanthu. Itzel anati aiwale, palibe vuto. Mnyamatayo anaumirira, mpaka mtsikanayo anamasuka. Mtundu watsopano umalandira dzina kudzera mu nsomba imodzi yosungidwa, imene akatswiri onse amadzafananitsa nayo zawo. Nsomba yosadziwika kumene inachokera akuluakulu sangailole kunyamula dzina. Idzangokhala pa shelefu mpaka munthu wina adzagwire ina kwinakwake n'kuitcha dzina iyeyo.

"Koma sindikukupempha, Tano. Wamva? Sindikukupempha."

"Ndamva."

Anatuluka. Itzel anamuona pawindo akuyenda mpaka kumapeto kwa doko, manja ali m'thumba, n'kubwerera, n'kupitanso. Kenako analowanso. Anatenga cholembera chija n'kulemba yekha manambalawo, mokhotakhota ngati mmene amalembera anthu ozolowera kulemba boti likugwedezeka.

"Adziwe iwe ndi botololi basi," anatero. "Bambo akamva, boti ndatsika, ndipo pakhomo paja sindipondaponso."

Itzel analonjeza. Anati Lolemba mkulu wa labu akabwera kuchokera kumsonkhano, amupempha kuti manambalawo atsekeredwe mu ofesi, ndipo m'mabuku mungolembedwa dera lokha, poti zimenezo zimaloledwa. Kufikira tsikulo botolo likhala m'kabati yake yokiya, kapepala kataloza kukhoma. Tano anamupsompsona pomwepo, pakati pa mabotolo, koyamba. Itzel ankadziwa kuti akanayenera kufufuta manambalawo. Sanawapemphe, n'zoona, koma sanawakanenso, ndipo mawu a mayi Concetta anamuperekeza mpaka kunyumba.

* * *

Lachisanu m'mawa Leland anabwera ndi makapu awiri a khofi. Za mazinga asanu ndi anayi anali atamva, chifukwa Itzel chimwemwe sachitha kubisa. Anamuyamikira ndi pakamwa pokha, n'kupempha kuti aione nawo. Itzel anatsegula kabati. Leland anayang'anitsitsa shakiyo nthawi yaitali, ndipo poti ntchito amaidziwa, anaona yekha kuti mtsikanayo sakulota. Anati ndi yokongola, kungoti n'zachisoni kuti popanda malo ndi nyambo chabe.

"Manambala sakupatsa, usadzinamize," anatero akuuzira khofi. "Kwa anthu aja iwe ndiwe mlendo wodzadya pasita. Akusekerera, akubweretsera tinsomba, koma za m'nyumba mwawo sudzazinunkha. Akadzafuna mkazi adzatenga wakwawo, iwe udzangolandira khadi laukwati."

Mawuwo anagwera pamalo pomwe pankapweteka kuyambira Lamlungu lija. Munthu wanzeru zake, wodziwa kuwerenga katatu asanakhulupirire chinthu, pa izi sanawerenge ngakhale kamodzi. Anagwira botolo n'kulitembenuza.

"Werenga," anatero.

Nkhope ya Leland inagwa, ndipo Itzel anakondwa. Kukondwako sikunapite patali. Foni yake inalira, anali amayi ake kufunsa ngati mawa abwera ku Watsonville komanso ngati akudya mokwanira. Anatuluka pakhonde kukalankhula nawo, kabati ili chitsegukire. Pobwerera anapeza Leland ali pampando wake akulemba zake pa kompyuta. Itzel analozetsanso kapepala kukhoma, n'kukiya, n'kuyesa chitseko kawiri. Anadziuza kuti Leland si msodzi, manambala alibe nawo ntchito. Anadziuza zimenezi tsiku lonse.

* * *

Loweruka ndi Lamlungu anali kwa amayi ake akukulunga matamale, zakudya za ufa wa chimanga zoika nyama m'kati, koma manja okha ndi amene anali pamenepo. Kawiri konse anaiwala kuika nyama. Amayi ake anafunsa ngati ndi mwamuna kapena ndi nsomba, ndipo atayankha kuti zonse ziwiri, anapukusa mutu n'kumulanda supuni. Foni anaisiya dala m'chikwama kuti asamangoiyang'ana.

Ataitulutsa Lamlungu chakumasana anapeza mauthenga khumi ndi awiri omuyamikira. Poyamba sanamvetse. Kenako wina anamutumizira tsamba la labu la pa intaneti, lija asodzi ambiri amatsegula m'mawa uliwonse kuti aone za mafunde ndi kutentha kwa madzi. Pamwamba penipeni panali chithunzi cha botolo lake, ndi mawu akuti mwina wapezeka mtundu watsopano wa shaki, tikumunyadira Itzel wathu. Chinaikidwa Lachisanu masana. Itzel anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, ndipo manambala okhotakhota a Tano anaoneka onse, osasowapo ndi imodzi yomwe.

Anamuimbira Leland ali chiimire pabwalo, galu wa oyandikana nawo akuuwa. Leland anadabwa mwaulemu kwambiri. Anati iye amangofuna kuti anthu adziwe ntchito yabwino, timalemba tating'onoto sanatiyang'ane n'komwe, ndipo ngati n'zachinsinsi bwanji anamuonetsa. Itzel anadula foni. Chithunzicho chinachotsedwa, koma chinali chitakhalapo masiku awiri.

Anamuimbira Tano katatu, foni siinkalowa. A Balestri tsamba la labu salitsegula, amakhulupirira maso awo ndi wailesi, ndipo tsikulo anali atanyamuka atangodya, kupita kumene foni sizigwira. Mwa asodzi amene anaona manambalawo palibe anauza mnzake, poti asodzi ndi otero. Itzel anayendetsa galimoto mpaka padoko osadziwa chimene akukatako. Anapeza malo a Concetta Marie ali opanda kanthu, monga ankayembekezera. Koma malo a maboti awiri a ana a Silveira, asodzi opikisana ndi a Balestri, nawonso anali opanda kanthu, ndipo mayi wogulitsa khofi anati anyamatawo ananyamuka Loweruka mothamanga, osamwa ndi khofi yemwe.

* * *

Lolemba mkulu wa labu anabwera, koma Itzel sanapite n'komwe ku ofesi yake. Panalibenso chotsekera. Anaima pawindo kuyambira m'mawa, akusinthanitsa miyendo, akuluma chala.

Concetta Marie inalowa padoko dzuwa lili pamutu. Ife a padoko boti lopanda nsomba timalidziwira patali, limayandama pamwamba ngati chitini. A Orazio anatsika chingwe chisanamangidwe n'komwe, chinthu chimene sanachitepo, n'kulunjika ku galimoto yawo osapatsa moni munthu aliyense. Tano anamanga boti yekha. Anakhala pa bokosi la mbedza nthawi yaitali atazolika mutu, kenako anatulutsa foni.

Ya Itzel inanjenjemera m'dzanja.

"Tafika pamalo paja tapeza maboti a Silveira atatchera kale zingwe. Tikulowa padoko bambo andifunsa funso limodzi. Ndawauza zoona, kuti manambala ndinakupatsa iwe. Koma ndalumbira pa dzina la mayi kuti iwe sunaonetse munthu aliyense. Ndiuze kuti sindinalumbire zabodza."

Itzel anawerenga kawiri. Akanatha kunena kuti Leland anatsegula kabati yekha, ndipo Tano akanakhulupirira, chifukwa ankafunitsitsa kukhulupirira. Analemba "Tano" n'kulekeza pomwepo. Atakweza maso anaona kuti pa bokosi la mbedza palibenso munthu. Kenako anamva nsapato zake za mphira zikukwera masitepe a labu.